Nanga Lachiwiri Lili Kuti?

Bambo a golosale ya kwathu anali ndi mphumu, ndipo ine ndinali ndi chikwama cha mabandeji. Anthu a kwathu ankakhulupirira kuti ziwirizi zikadzakumana, chikwama chidzapambana. Ndiyambe ndi mmene ndinachipezera chikwamacho.

Ndinalowa gulu la thandizo loyamba kuyunivesite chifukwa cha tiyi, ndisaname. Mnzanga wa m'chipinda anandiuza kuti Loweruka lililonse akamaliza kuphunzira amamwa tiyi wamkaka ndi mabanzi, ndipo ine mwana wa ku Neno, amene mkaka ndinkauonera pa Khirisimasi, sindinafunsenso zambiri. Kuyunivesiteko ndinapitira za uphunzitsi, zamankhwala zinalibe nane ntchito. Koma tsiku limene anandimanga kansalu koyera pamkono n'kundikoleka chikwama paphewa, mayendedwe anga anasintha. Ngakhale anyamata amene ankakonda kutiimbira malikhweru atsikana a chaka choyamba anayamba kundipatukira.

Amene ankatiphunzitsa anali bambo wina wamfupi, wadazi, wogwira ntchito pakachipatala ka pasukulu pomwepo. Anali ndi chidole cha labala chopanda manja ndi miyendo, chimene ankachisamala kuposa ana ake. Pachidolecho ndi pamene tinaphunzirira kuuzira munthu mpweya m'kamwa ndi kukanikiza pachifuwa mtima ukaima. Tinkachiukitsa kwa akufa Loweruka lililonse, ndipo sichinadandaulepo. Tinaphunziranso kumanga bala, kugoneka munthu wokomoka chammbali, ndi kubalalitsa anthu ounjirira, ntchito imene ine ndinkaikonda kwambiri chifukwa mawu ndili nawo. Phunziro lililonse, kaya la moto, kaya la njoka, bamboyo ankalitseka ndi mawu amodzimodzi, akugogoda patebulo: "Inu si madokotala. Ndinu thandizo loyamba basi. Mugwireni munthuyo, musasiye, mpaka lachiwiri lifike."

Ndipo pasukulupo lachiwiri linkafikadi. Kachipatala kanali kuseri kwa holo yodyera. Ambulansi inali yokalamba, masiku ena yochita kukankha, koma inkabwera. Nthawiyo n'kuti matipate, ndale za zipani zambiri zija, atangoyamba kumene, ndipo ife ophunzira tinali titangozindikira kuti munthu ukhoza kukuwa pamsewu masana, madzulo n'kukagona pabedi lako lomwe. Ndiye tinkakuwa. Nyemba zikafumbwa, tinkaguba. Mabuku akachedwa, tinkaguba. Apolisi akabwera ndi utsi wokhetsa misozi, ife a kansalu koyera tinkathamanga ndi mabeseni a madzi kukasukusula anzathu amene poyamba paja ankalumbira kuti saopa chilichonse. Masiku opanda chipolowe tinkangotola osewera mpira obinya miyendo ndi oledzera a Lachisanu, amene ankatisanzira pansapato n'kutifunsira ukwati nthawi yomweyo.

Tsiku lina la utsi, mtsikana wina wa mphumu anabanika pafupi ndi laibulale. Ndinamukhazika tsonga, ndinamumasula mabatani, ndinathamangitsa anthu, ndinapeza kapampu kake kopopera m'kamwa m'chikwama mwake. Ambulansi inabwera n'kumutenga. M'mawa mwake ndinamuona akudya tchipisi, akuseka ndi chibwenzi chake. Mumtima ndinati munthu uyu ndamupulumutsa ndine. Ambulansi ija sindinaiwerengere n'komwe.

Kuguba kuja kunatipweteketsa. Sukulu inatsekedwa mwadzidzidzi pakati pa dzinja, tinauzidwa kuti dzuwa lisatilowere tili pasukulupo, ndipo chikwama chija ndinangopita nacho kwathu chifukwa panalibe womusiyira. Kwathu ndi kumapiri, njira yopita ku Dambe. Lole inandisiya pa Neno, kwinako ndinamaliza wapansi, nsapato m'manja, matope mpaka m'mawondo.

Ndinapeza amayi anga atandimaliza kale. Ndinawauzapo kamodzi kokha kuti ndikuphunzira kuthandiza ovulala, koma atapita nazo kutchalitchi zinatuluka kuti mwana wawo ndi dokotala. Ndinayesa kukana. "Amayi, inetu ndikuphunzira uphunzitsi." Iwo anati, "Nanga chikwamacho n'cha choko?" Kuyambira pamenepo pakhomo pathu sipankatha anthu. Wa dzino, wa chilonda cha chaka chatha, wa mutu, mpaka bambo wina anabwera ndi mbuzi yothyoka mwendo. Ndinkapaka jivi pazilonda, ndinkamanga bandeji, ndinkauza aliyense kuti apite kuchipatala. Ankavomera mwaulemu, n'kubwerera kwawo atakhutira, ena atasiya mazira pakhonde. Kunena zoona, zinkandikomera.

Munthu mmodzi yekha ndiye ulemu wake unali ndi tsabola, ndipo ameneyu ndi bambo a golosale aja. Anali Msilamu, wamtali, woonda, wa ndevu za imvi, ndipo anabwera kwathu kuno ine ndisanabadwe. M'dera lonse la Akhristu okhaokha, banja lawo ndi la mng'ono wawo, telala wosokera pakhonde la golosaleyo, ndiwo okha ankaswali. Mchere, palafini, sopo, singano, zonse tinkagula kwa iwo. Ndili mwana ankanditcha kamtsikana kolira, chifukwa tsiku lina ndinaswa botolo la palafini pakhomo pawo n'kulira msika wonse kumva. Ananditsanulira wina m'botolo lawo, koma dzinalo sanandichotse. Mkazi wawo anali mayi wosalankhulalankhula. Ankakhala kuseri kwa kauntala akupima mchere m'timapepala, ndipo mwamuna wawo akamaseka anthu, iwo ankangoweramira mchere wawo ngati sakumva.

Tsiku loyamba kupita kugolosaleko ndi chikwama changa paphewa, bamboyo anadzuka pampando wawo n'kundipukutira benchi ndi mkono wa mkanjo.

"Takulandirani, adokotala. Kodi chikwamachi dzina lake n'chiyani?"

"Si udokotala ayi, bambo. Ndi thandizo loyamba."

"Loyamba?" Anakweza chala chamkombaphala n'kuchiyang'ana ngati chawanunkhira. "Chala chimodzi ife tinachikana, simunamve kusukulu kwanuko? Masiku ano n'zala ziwiri. Nanga lachiwiri lili kuti?"

Anthu amene anali pakhondepo anafa nako kuseka. Masiku amenewo chala chimodzi chinali chizindikiro cha chipani chimodzi chija, ndipo zala ziwiri zinali za matipate. Munthu ukakweza dzanja kuitana mwana, anthu ankayamba akuwerenga zala. Ndinawafotokozera kuti lachiwiri ndi ambulansi, chipatala, madokotala enieni. Anagwedeza mutu mwachisoni chabodza. "Ndiye mwatibweretsera chivindikiro, adokotala, poto mwamusiya m'tauni, eti?"

Zinasanduka moni wathu. Ndikamadutsa pamsika, iwo ankakweza chala chimodzi ali m'golosale, ine n'kuyankha ndi ziwiri, tonse n'kuseka. Amayi anga zinkawanyansa, ankati bamboyo akundichepetsa pagulu. Ine ndinkasangalala nazo, chifukwa m'dera lonselo ndi iwo okha amene sankandifunsa mankhwala.

Amene anandifunsa ndi mkazi wawo. Tsiku lina mwamunayo atapita kuseri kukaswali, anandikodola ndi dzanja. "Mwanangu, m'chikwamamo mulibe ka mphumu?" Anandiuza kuti nthawi ya othawa nkhondo a ku Mozambiki, magalimoto oyera a kumsasa wa ku Luwani ankadutsa kwathu kupita kumalire, ndipo dalaivala wina ankawagulira amuna awo kapampu ku Blantyre. Othawa nkhondo atabwerera kwawo, magalimoto anapita nawo, msewu n'kubwerera mwakale. Kapampu komaliza bamboyo ankakasunga m'thumba la mkanjo, akumakakhutchumula pakhutu kuti amve ngati mudakali kanthu. Ndinati ndilibe, koma sukulu ikatsegulidwa ndikafunsa. Bamboyo atabwera ndinawauza molimba mtima kuti apite ku Blantyre akagule kena. "Mvula ikatha, adokotala," anatero. "Msewu uwu panopa ndi wa achule."

Tsiku lina mvula inayamba kusanache. Chakumasana ndinali pakhonde ndikusenda kachewere ndi amayi pamene telala uja anatulukira akuthamanga, tepi yoyezera idakali m'khosi.

"Achemwali, tengani chikwama! Achimwene abanika!"

Ndinawapeza atakhala pathumba la shuga, manja atatsamira pamawondo, mapewa akukwera ndi kutsika. M'chifuwa munkalira likhweru lomveka mpaka pakhonde. Anali atatsegula matumba akale a chimanga m'chipinda chosungira katundu, ndipo fumbi la mankhwala a anankafumbwe linawalowa. Kapampu kanali m'dzanja. Ankakafinya, n'kukakhutchumula, n'kukafinyanso, koma munalibe kanthu.

Ndinachita zonse zimene ndinkadziwa, ndipo ndinazichita bwino. "Tulukani nonse! Apatseni mpweya!" Anthu anatuluka akupondana. Ndinatsegula mawindo, ndinamasula mabatani a mkanjo, ndinawakhazika tsonga, ndinawauza kuti azipuma pang'onopang'ono motsatira ine. Pamenepo maphunziro anga anathera. Chotsatira chinali kudikira ambulansi, ndipo ndinapezeka ndikutchera khutu kumsewu, ine munthu wobadwira pomwepo, wodziwa kuti galimoto yomaliza inadutsa mvula isanayambe kugwa chaka chimenecho.

Ndinatsegula chikwama. Mabandeji, sizasi, thonje, jivi, maasipirini, mapini. Ndinatseka. Posakhalitsa ndinatsegulanso, ngati kuti wina waikamo china ine ndisakuona. Mkazi wawo anali chilili pambali panga, maso ali pamanja anga, ndipo pamawindo panali nkhope zokhazokha. Ndinaitanitsa madzi otentha kuti apume nthunzi, ndinaitanitsa tiyi wowawa wopanda shuga chifukwa ndinamvapo kuti amathandiza. Mwina amathandizadi. Ine ndinkangofuna kuti manja anga azioneka kuti akuchita kanthu. Ndinakwiya ndi amayi anga ndi pakamwa pawo, ndinakwiya ndi bambo wadazi uja ndi chidole chake, ndinakwiya ndi mazira onse amene ndinadya.

"Tiwanyamule," ndinatero. "Tipite nawo kuchipatala."

Chipatala chaching'ono chinali tsidya la mtsinje, ulendo woti munthu wabwinobwino amapita n'kubwerako m'mawa womwewo. Telala anabweretsa machila, ndinakana, chifukwa munthu wa mphumu sagona, ukamugoneka wamumaliza. Tinamanga mitengo iwiri kumpando wawo wa m'golosale, umene ankakhalapo akamaseka anthu, amuna n'kuusenza pamapewa. Mkazi wawo anawafunditsa pepala la pulasitiki lovindikirira katundu, anakhoma golosale, kiyi n'kumanga kunsonga ya chitenje. Amayi ena a pamsika anatitsatira, amayi anga ali momwemo. Njira inali yoterera, onyamula ankatsika chammbali akuchenjezana. Ine ndinkayenda pambali pa mpando ndikunena kuti pumani, bambo, pumani, ngati kuti iwo anali ataiwala.

Mtsinjewo tinaumva tisanauone. Masiku onse ndi kamtsinje koti amayi amachapiramo ana akusewera, ndipo pamwamba pake pankadutsa ulalo wa mitengo. Tsikulo ulalo kunalibe. Madzi ofiira ankadutsa ndi nthochi zathunthu, mizu ili m'mwamba. Amuna anatsitsa mpando pansi pa mkuyu n'kuyang'anana. Telala anavula malaya kuti alowe, anzake anamugwira m'chiuno. Ndiye telalayo anakuwira anthu amene anaima tsidya linalo kudikira kuti madzi aphwe. Analoza mpando, anagwira pachifuwa pake, mpaka anthuwo anamva, mmodzi n'kuthamangira kuchipatala.

Tinadikira. Kudikira kumene ndinazolowera kusukulu kunali kwa kanthawi, koti ukumva ambulansi ikutsokomola kuseri kwa holo yodyera. Uku kunali kwina. Ndinkawapukuta thukuta, ndinkawagwira mapewa kuti asawerame, ndinkawauza kuti munthu wapita kale kukaitana. Likhweru la m'chifuwa linayamba kuchepa, ndipo mayi wina anati, "Zikomo Ambuye, akupezako bwino." Ine ndinadziwa kuti si choncho. Bambo wadazi uja anatiuza kuti mphumu ikasiya kulira ndiye kuti mpweya sukulowanso. Milomo yawo inali itada. Mayiyo sindinamutsutse.

Kenaka anatulukira tsidya linalo, adokotala enieni a pachipatalapo, atapinda thalauza, ambulera m'dzanja lina, chikwama chakuda m'dzanja lina. Ndinachita kudumpha ndi chimwemwe. Tinkaonana bwinobwino, mpaka ndinaona kuti avala magalasi. Anakuwa, madzi anameza mawu. Ndinakuwa, ndi mawu anga onse aja othamangitsira anthu, madzi anamezanso. Adokotalawo anakulunga mapiritsi m'kapepala ka pulasitiki pamodzi ndi mwala, munthu wina wamphamvu anaponya. Mwala woyamba unagwera m'madzi. Wachiwiri unafika, telala anautola. Koma bambo aja sankathanso kumeza, madzi amene ndinawamwetsa anangotsikira m'ndevu.

Adokotala anatulutsa jakisoni n'kukweza m'mwamba. Anandiloza ine, analoza mkati mwa chigongono chawo, kenaka anatambasula manja. Funsolo ndinalimva, ndipo aliyense amene anali pamtsinjepo analimva. Ankafunsa ngati ndimatha kubaya mumtsempha, kuti aponye. Jakisoni ndinali ndisanagwirepo chibadwire. Ndinapukusa mutu. Anafunsanso, ndinapukusanso. Palibe amene anandinyoza, ndipo bola akanandinyoza. Amayi anga anayang'ana pansi.

"Olo kungoyesa, achemwali?" anatero telala.

"Ndikhoza kuwapha," ndinatero.

Adokotala anabweza jakisoni m'chikwama, analoza kumtunda, n'kuyamba kuthamanga m'mbali mwa mtsinje ndi amuna ena kukafuna powolokera. Anazimiririka m'mabango.

Nditagwadanso patsogolo pa mpando, bambo aja anatsegula maso. Dzanja lawo lamanja linanyamuka pabondo pang'onopang'ono, chala chamkombaphala chili chilili. Ndinati ngati adakali ndi mphamvu zondiseka, ndiye kuti sizinafike poipa. Ndinakweza zala ziwiri, ndikuseka ndi misozi yomwe. "Likubwera, bambo! Lachiwiri likubwera, akufuna powolokera. Musalankhule, sungani mpweya."

Koma maso awo sanali pa ine, ndipo milomo inapitiriza kugwedera. Mkazi wawo, amene tsiku lonse ankamvera chilichonse chimene ndinganene, anandidutsa ngati palibe munthu. Ndinati, "Mayi, apatseni mpweya," koma sanacheuke. Anagwada m'matope, anaika pakamwa pafupi ndi khutu la mwamuna wawo, n'kuyamba kunena mawu achiarabu motsitsa, mobwerezabwereza. Telala anagwada mbali inayo n'kuvomereza mawu omwewo. Pamenepo ndinazindikira kuti chala chija sichinali changa. Msilamu akaona kuti nthawi yake yakwana, amakweza chala chimodzi kuchitira umboni kuti Mulungu ndi mmodzi. Anthu awa ndinakula nawo, mchere wawo ndinadya kuyambira ndili wakhanda, koma zimenezi sindinkazidziwa. Ndinatsitsa zala zanga zija n'kuzibisa m'khwapa.

Chala chinagwera pabondo. Mutu unawerama.

Apa pokha ndiye panafanana ndi maphunziro a Loweruka aja. "Atsitseni! Agonekeni chagada!" Amuna anamvera. Ndinafufuza kugunda kwa mtima pakhosi, sindinakupeze. Ndinayang'ana mkazi wawo, chifukwa chimene ndinkafuna kuchita, mtsikana kuika pakamwa pake pakamwa pa mwamuna wa mwini, pamaso pa anthu, kwathu chinali chisanaonekepo. "Chitani, mwanangu," anatero. Ndinauzira. Chifuwa cha chidole chinkafufuma msanga, koma ichi chinakana, mpweya unangobwerera m'masaya mwanga. Ndinakanikiza pachifuwa ndikuwerenga mokweza m'Chingerezi monga tinaphunzirira, ndinauziranso, ndinakanikizanso. Nthiti inathyoka pansi pa manja anga, ndinaimva. Zimenezinso chidole sichinandiuzepo.

Sindidziwa kuti ndinatenga nthawi yaitali bwanji. Mvula inakata. Manja anachita dzanzi, mawondo analowa m'matope, mawu anasasa mpaka ndinkangowerengera mumtima. M'mutu mwanga munali kugogoda kwa patebulo kuja, musasiye mpaka lachiwiri lifike. Ndinkadzutsa mutu pafupipafupi kuyang'ana kumabango. Ndinkadziwa kuti bambo aja apita, thupi linali litayamba kuzizira m'manja mwanga, koma kulamula kuti tisiye sinali ntchito yanga. Kusukulu nthawi zonse kunkabwera wina wamkulu, n'kukugwira paphewa, n'kunena kuti tapatukani. Ndinkadikira dzanja limenelo.

Pamtsinjepo panali zii, madzi okha ndiwo ankamveka. Ndinadabwa nazo ndili m'kati mokanikiza, chifukwa kwathu munthu akatsirizika amayi sachedwa. Nditacheuka ndinaona amayi onse aja ataima pamodzi, zitenje zili pakamwa, maso atatupa, akundiyang'ana ine. Kwathu maliro salira wina asananene kuti munthu watisiya. Kulira munthu adakali ndi moyo ndi kumuitanira imfa. Ndipo wonena amakhala wamkulu amene ali pafupi ndi wodwala. Tsikulo akuluakulu onse anali atandisiyira ine malo amenewo, chifukwa ine, dokotala wawo, ndinali pantchito.

Mkazi wawo anandigwira pamkono, pomwe kusukulu ndinkamanga kansalu koyera paja.

"Mwanangu," anatero, "ifetu tikudikira inu."

"Adokotala akubwera, mayi."

"Akubwera, inde. Koma awa atopa. Tiuzeni, kuti ndiwatseke maso."

Ndinayang'ana amayi anga kuti andithandize, iwo anangoluma chitenje. Ndinayang'ana telala, iye anayang'ana kumtsinje. Masabata onse aja a tiyi ndi mabanzi, palibe amene anatiphunzitsa mawu onena pamenepa. Ndinachotsa manja pachifuwa. Zala zinakana kuwongoka.

"Basi," ndinatero.

Amayi a kutchalitchi kwathu ndiwo anayamba kulira, amayi anga patsogolo, kulira kumene anali atakugwira kukhosi nthawi yonse ija. Mkazi wawo sanakuwe. Anawatseka maso, anawawongola miyendo, anawamanganso mabatani a mkanjo amene ine ndinamasula. Kenaka anayang'ana uku ndi uku, n'kundifunsa ngati ndili ndi kansalu komangira chibwano kuti pakamwa pasakhale chiyasamire. Ndinatsegula chikwama, ndinatulutsa bandeji yatsopano yosamatula, ndinadula ndi sizasi. Anamanga bwino, mfundo ili pamwamba pa mutu. Tsiku lonselo chikwama changa chinagwira ntchito pamenepa pokha.

Mitsinje ya kumapiri ili ndi mwano. Mvula ikakata kumtunda imaphwa msanga ngati sinachite kanthu. Amuna adakali kudula mitengo yokonzera machila, miyala inayamba kuonekera pakati pa madzi. Ndipo adokotala aja anatulukira m'mabango, tsidya lathu lino, atanyowa mpaka pachifuwa, nsapato imodzi palibe, chikwama chakuda chili pamutu. Kulira anakumva ali patali, koma anathamangabe. Anagwada, anaika choyezera pamtima, anamvetsera nthawi yaitali kuposa mmene zinafunikira. Kenaka anachivula m'makutu. "Pepani, mayi. Pepani nonse." Kwa ine anati, "Mwachita zoyenera, achemwali." Pakamwa panga pankamvekabe tiyi wowawa amene ndinawamwetsa bambo aja.

Mkazi wa malemuwo anawayang'ana adokotalawo, anayang'ana chikwama chakuda chimene chinali pansi pafupi ndi mapazi a mwamuna wawo, kenaka anatembenukira kwa ine. Masiku onse aja ndinkaganiza kuti nthabwala za mwamuna wawo sazimva, amangoona za mchere. M'mawu mwawo munalibe ukali ngakhale pang'ono. Anafunsa monga ankafunsira munthu pakauntala ngati singano imene akufuna ndi imeneyi.

"Mwanangu, lachiwiri lija ndi limeneli?"

"Ndi limeneli, mayi."

Anagwedeza mutu. "Chabwino. Ankafunsatu."

Kenaka anauza amuna kuti anyamule, tikafike nawo kunyumba dzuwa lisanalowe. Mpando palibe amene anaukumbukira. Ndinamasula mitengo imene tinamangako ija, ndinausenza pamutu, n'kutsatira m'mbuyo mwawo.